Mpanda Umene Unagwa Lachitatu

4 Malichi

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kuulula kuti masiku atatu tsopano sindinaone tulo, ndipo chondisowetsa tulocho ndi pepala limodzi lokha. Moni ndikupereka pambuyo, mundikhululukire. Muli bwanji pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno amayi ali bwino, bondo lija lokha ndilo limawakumbutsa zaka kukachita mitambo.

Lolemba kunabwera bambo wina pa njinga, wa chipewa cha khaki, kufunsa telala wamkazi wa pano. Ndinali ndi mapini kukamwa. Anandipatsa pepala, nandisainitsa, nati ndi samani, ndikaonekere ku khoti pa 25 mwezi uno, 9 koloko m'mawa. Inu mumamasulira mawu m'khoti tsiku ndi tsiku, mwina kwa inu samani ndi ngati lisiti la pa golosale.

Nkhani yake ndi iyi. Mukukumbukira kachipinda kamene ndimachita lendi m'mbali mwa nyumba ya alandilodi, ka zenera loyang'ana kumsewu, momwe muli mashini anga? Kuseri kwake kunali mpanda wa njerwa, ndipo kuseri kwa mpandawo kuli shedi ya akalipentala. Mu Januwale, Lachitatu lina masana, mpandawo unagwera shedi. Unaphwanya makabati awiri ongomaliza kumene ndi mashini odulira matabwa. Mulungu ndi wabwino, akalipentala anali atapita kukagula misomali. Tsopano asumira alandilodi.

Chimene sindinauzepo munthu ndi ichi. M'mawa wa tsiku lomwelo ndinachapa makatani a kutchalitchi, aja olemera a kuguwa, onse anayi. Chingwe changa chinali chitaduka, ndiye ndinakhoma msomali pa mpanda n'kumangirira waya, mbali inayo ku mtengo wa mapeyala wa pabwalo pathu. Ndinayanika makatani akuchucha madzi. Pasanathe maola atatu, mpanda uli pansi. Ndinathamanga kukatola makatani m'matope, ndinazula msomali ndi waya anthu asanasonkhane. Achimwene, ndinabisa umboni. Uli pansi pa bedi langa.

Palinso china. Mu Novembala ndinawaonetsa alandilodi mng'alu pa mpandawo, wolowa dzanja. Anangoseka, amvekere, "Ming'alu ndi ukalamba, mwana wanga. Nanenso ndili nayo kuzidendene, koma sindinagwe." Akalipentala anatimva ali mbali inayo, n'chifukwa chake atchula dzina langa. Dzulo potuluka ku kwaya, poti timaimba limodzi mawu achiwiri, alandilodi anandigwira dzanja mwachikondi nati, "Ku khoti kuja muzikakumbukira kumene mashini anu amagona."

Ndiye taonani. Ndikanena za mng'alu, chipinda chapita, ndipo pamsewu uno palibe china chokhala ndi magetsi. Makasitomala a zaka zisanu ndi ziwiri amadziwa zenera limeneli. Ndikanena za waya, ndende. Ndikakhala chete, ndanama pamaso pa Mulungu. Kodi munthu wogwetsa mpanda amakhala zaka zingati? Musandinyengerere.

Mlongo wanu,
amene munkamutcha Ndalakwa

13 Malichi

Achimwene,

Moni kwa nonse. Ndikupita ku positi tsiku lililonse, mpaka mayi wa pa kauntala akumandipukusira mutu ndisanalowe n'komwe. Ndamvetsa. Munthu wa ntchito ya khoti kukhala ndi mlongo wa kundende si chinthu chonyadira. Sindikukudandaulani, ndikukupemphererani.

Poti simunayankhe, Lachiwiri ndinapita ndekha ku khoti kukaona kumene ndikupita. Muli khonde lalitali la mabenchi ndi zitseko zitatu, chilichonse ndi mndandanda wake womata pakhoma. Sindinawerenge mindandandayo, maso anali ndi nkhungu. Ndinangotsatira kumene kunkalowa anthu ambiri.

Oimbidwa milandu ankawabweretsa awiriawiri, unyolo kumanja, n'kuwaimika m'kabokosi ka matabwa. Ndinakayeza ndi maso, mainchesi makumi anayi m'lifupi, ndikwanamo bwinobwino. Bambo wina woimira boma ankawerenga milandu mwachangu ngati zolengeza za kutchalitchi. Woweruza ndi mayi wa magalasi, amalemba mawu aliwonse ndi dzanja lake, mutu osadzutsa. Wina anaba batire la galimoto, wina anamenya mlamu wake ndi mpando. Wa mpandoyo anapempha belo, anamupatsa. Wa batire atafunsidwa anangoti, "Ndikuvomera." Woweruza anati popeza sanatayitse khoti nthawi, amuchepetsera chilango.

Pamenepo mtima wanga unakhala pansi. Ndapeza chochita. Pa 25 ndikangolowa, asanandifunse n'komwe, ndikanena kuti ndikuvomera.

Ndikumaliza mayunifolomu a sukulu amene ndinalandira, kuti ndisasiye ana a eni ali ndi malaya opanda mabatani. Ntchito zatsopano ndikukana. Ndalongedza kachikwama: sopo, mswachi, juzi, buku la nyimbo. Amayi ndawauza zonse. Anangofunsa ngati makatani aja anayera.

Ngati simungalembe, tumizani ngakhale moni kudzera kwa alamu.

Mlongo wanu

14 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Kalatayi akundilembera anamwino a nyumba yachitatu, chifukwa mlongo wako akanandilembera iye akanachotsamo zofunika.

Mwanayu sakudya. Akundionetsa kumene amasunga makiyi ndi mmene amazimitsira ayironi, ngati munthu wa ulendo wautali. Ukumudziwa chibadwire. Galasi la pazenera linasweka ndi mphepo, iye n'kulira kuti ndalakwa, ati chifukwa analiyang'anitsitsa dzulo lake. Koma ulendo uno pali pepala la boma, ndiye nanenso ndayamba kuopa.

Ndinakuphunzitsa sukulu kuti tsiku ngati ili ukalankhule ndi anzako. Oweruza onse amadziwana ngati madalaivala a mabasi. Uwauze a kwanuko awauze a kuno kuti mwanayu ndi wopemphera, ndipo makataniwo anali a Mulungu.

Ine mbali yanga ndakonza kale. Ndasankha tambala wofiira uja, ndikamusiya kunyumba kwa oweruza Loweruka. Ndafunsa kumene amakhala, ndi pa geti yobiriwira. Anamwino akuti chimenecho ndi chiphuphu, ine ndikuti ndi ulemu, sungapite kwa munthu wamkulu chimanjamanja. Alemba zonse ziwiri.

Uyankhe. Ngati dzanja lako lathyoka, mkazi wako alembe.

Ndine mayi ako

17 Malichi

Amayi ndi iwe Ndalakwa,

Moni nonse. Tili bwino, ndipo dzanja silinathyoke. Ndinali kunja masabata awiri ndi khoti loyendayenda, kumadera kumene kulibe nyumba ya khoti. Ndabwera lero ndapeza makalata atatu pa tebulo. Ndawerenga woyamba ndikuseka, wachiwiri ndikupukusa mutu, wachitatu ndaimirira.

Amayi, ndiyambe ndi inu. Tambalayo asatuluke pa geti. M'makalata onse atatu, mlandu wotengera munthu kundende ndi umodzi wokha, ndipo ndi wa tambala wanuyo. Anamwino akunena zoona. Komanso sindingalankhule ndi woweruza aliyense. Ntchito yanga ndi kubwereza mawu a anthu ena m'chilankhulo china, osawonjezera ngakhale chifuwa.

Tsopano iwe. Tenga samaniyo, upukute maso, uwerenge pamwamba. Pali anthu awiri: akalipentala, wodandaula, ndi alandilodi, woyankha. Dzina lako lili m'munsi, pamene palembedwa kuti mboni. Mboni ndi munthu amene khoti lamubwereka maso ndi makutu kwa theka la ola. Akatha amakubwezera, n'kupita kwanu.

Milandu ili mitundu iwiri ikuluikulu. Wina ndi waupandu: kuba, kumenya, kupha, kupereka atambala kwa oweruza. Pamenepo wodandaula ndi boma, apolisi amafufuza, ndipo mapeto ake angakhale chindapusa kapena ndende. Ndi chipinda chimene unalowamo chija. Mtundu wina ndi wa anthu awiri osemphana: malire, lendi, pangano losasungidwa, katundu wowonongeka. Pamenepo boma silikhala mbali ya munthu, limangopereka woweruza ndi mabenchi. Mapeto ake amakhala akuti konza, bweza, kapena pereka chipukuta misozi. Wa mpandawu ndi umenewo. Yang'ana mndandanda, uona kuti ndi chitseko chopanda anthu ambiri, chifukwa anthu sakonda kuonerera milandu yopanda unyolo. Ukakalowa n'kunena kuti ukuvomera, woweruza akakufunsa kuti ukuvomera chiyani, ndipo ukasowa chonena.

Unafunsa zaka za munthu wogwetsa mpanda. Woweruza sazitenga m'mutu mwake. Malamulo ena amapangidwa ku nyumba ya malamulo. Ena amachokera ku zigamulo zakale za oweruza aakulu, zimene aang'ono amatsatira monga iwe umadulira nsalu pa patani. Pamwamba pa onsewo pali malamulo aakulu a dziko, ndipo lamulo lililonse lotsutsana nawo siligwira ntchito. Ndafufuza monsemo m'mutu mwanga, sindinapeze lamulo loletsa kuyanika makatani. Makhoti nawonso ali ngati makwerero. Mayi wa magalasiyo ndi majisitireti, popondera poyamba. Wosakhutira amakwera ku khoti lalikulu, wosakhutirabe amakwera ku la apilo. Ambiri amatopa asanafike pamwamba.

Tsono undimve bwino, chifukwa ndikukudziwa. Khoti si kolapira machimo. Mboni imayankha chimene yafunsidwa, moona, n'kukhala chete. Za mng'alu akakufunsa, unene. Za waya sindikuti ubise, akakufunsa unenenso. Ngati wayayo anathandiza kugwetsa mpanda, ine sindidziwa, sindine mmisiri. Loya wa alandilodi angayese kukukankhirako gawo, koma ngakhale zitatero ndi nkhani ya kukonza, osati ya sopo ndi mswachi. Masula chikwamacho.

Za chipinda sindikulonjeza kanthu. Mawu amene alandilodi anakuuza potuluka ku kwaya ndi oipa, kuopseza mboni si masewera. Uwalembe penapake ndi tsiku lake. Ukumbukirenso kuti lendi nayo ili ndi malamulo ake.

Udye. Amayi, muonetsetse kuti wadya.

Mchimwene wako

27 Malichi

Okondedwa achimwene,

Moni kwa nonse. Ndikulemba ndili kunyumba, pa tebulo langa, osati kumene ndinkaganiza. Tambala ali moyo, akulira ngati sakudziwa chimene anapulumuka.

Koma ndiulule msanga: sindinakumvereni zonse. Chikwama ndinamasula, koma waya ndi msomali ndinaziika m'kachikwama ka m'manja.

Chinali chitseko chachitatu, anthu osakwana khumi. Woweruza anali bambo wa imvi, nayenso wolemba mawu aliwonse. Anandiimika kutsogolo, osati m'kabokosi kaja, nandilumbiritsa. Akalipentala analibe loya, ankafunsa okha, chipewa chili m'manja.

"Achemwali, mng'alu uja munauona?"

"Ndinauona."

"Eni mpanda munawauza?"

Alandilodi anali pa benchi yoyamba, atavala duku lawo la pa Sabata. Ndinaona zenera langa, magetsi anga, makasitomala anga, zonse zikudutsa ngati basi yosaima. Ndinati, "Ndinawauza, mu Novembala."

Kenako anaimirira loya wa alandilodi, wa jekete lothina m'mapewa, losokedwa ndi munthu wosaopa Mulungu.

"Mayi, inu ndinu mmisiri wa zomanga?"

"Ayi, bwana, ndine telala."

"Ndiye mungadziwe bwanji kuti mng'aluwo unali waukulu?"

"Ndinauyeza, bwana. Mainchesi atatu mu Novembala, anayi ndi theka kumapeto kwa Disembala."

"Anakutumani ndani kuyeza?"

"Palibe, bwana. Telala akaona pong'ambika amayeza."

Anthu anaseka, ngakhale kalaliki wa khoti. Loya anati alibenso mafunso. Woweruza anati, "Zikomo mayi, mungathe kukhala pansi."

Achimwene, sindinakhale pansi. Palibe anandifunsa za waya. Mawu anu ndinkawamva m'khutu, akuti yankha n'kukhala chete, koma ndinali nditalumbira kunena zoona zonse, ndipo zina zinali m'kachikwama. Ndinakweza dzanja ngati m'kalasi. Ndinatulutsa waya ndi msomali, n'kufotokoza za makatani kuyambira pa sopo.

Woweruza anaika cholembera pansi. "Mayi, funso limeneli wakufunsani ndani?"

"Chikumbumtima, bwana."

Anandiyang'ana, natolanso cholembera, nalemba.

Loya uja anadzuka ngati walumidwa ndi nyerere. Mwadzidzidzi anali ndi mafunso a theka la ola. Makatani angati, olemera bwanji, ndinawafinya kapena ayi. Alandilodi anayamba kumwetulira. Akalipentala anagwira mutu, ndipo ndinawamvera chisoni, chifukwa ndinaona kuti ndawagwetsera mpanda kachiwiri.

Mboni yotsatira inali mmisiri wa zomanga amene anakayendera malowo. Anati mpandawo unalibe maziko, njerwa zinangosanjidwa pa dothi, ndipo mvula inagwa masiku atatu. Loya anamuonetsa waya wanga monyadira. Mmisiri anamutembenuza, nafunsa kuti mbali inayo inamangidwa kuti. Ndinati ku mtengo wa mapeyala, pabwalo pathu.

"Ndiye waya ankakokera kwa alandilodi," anatero. "Nanga mpanda unagwera kuti?"

Unagwera kwa akalipentala.

"Bwana woweruza, ngati makatani amenewa anachitapo kanthu, ndiye kuti ndi amene anaugwira mpandawo kuti usagwe m'mawa," anatero mmisiriyo.

Achimwene, miyezi iwiri ndakhala ndikusala kudya ndi kupempha chikhululukiro, osaganizako n'kamodzi komwe kuti chinthu chimagwera kumene chakokedwa. Fomu folo yanga yonse ija. Chigamulo chili pa 6 Epulo. Alandilodi sanandipatse moni potuluka, ndipo dzulo anatseka madzi a pampopi wa panja.

Mlongo wanu

31 Malichi

Ndalakwa,

Moni. Alamu ako awerenga kalata yako kawiri, kachiwiriko mokweza, ndipo akuti jekete la loyayo ulitenge ulikonze mwaulere.

Zaka khumi ndi zinayi ndili m'khoti, ndaona mboni zonama, zoiwala, zokomoka. Yokana kukhala pansi sindinaionepo. Sindikuyamikira, unaika dzanja m'kamwa mwa galu, koma galuyo anapezeka wopanda mano. Udziwenso ichi: alandilodi akaluza n'kuchita apilo, iwe sakuitananso. Oweruza a pamwamba amawerenga zimene majisitireti analemba. Ndiye chikumbumtima chako chili m'faelo, chidzakwera makwerero chokha.

Za madzi sizinandisangalatse. Kodi pangano lanu la lendi linalembedwa, kapena linali la pakamwa potuluka ku kwaya? Undiuze.

Mchimwene wako

12 Epulo

Okondedwa achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Pangano linali la pakamwa. Mwadziwa bwanji?

Pa 6 woweruza anagamula kuti alandilodi anadziwa za mng'alu ndipo sanachitepo kanthu, ndiye akonze zonse zimene zinawonongeka kwa akalipentala ndi kumanganso mpanda, wa maziko. Za makatani anati khoti likuthokoza mboni, koma nkhaniyo ilibe kulemera. Amayi akuti woweruzayo sanawanyamulepo ali onyowa.

M'mawa mwake ndinapeza loko wamkulu pa chitseko cha chipinda changa. Mkati munali mashini, ayironi, ndi diresi la mkwatibwi wa Loweruka likubwerali, lopanda manja onse awiri. Alandilodi anali pakhonde akusenda mbatata. Ndinawapatsa moni, ndinafunsa za loko. Amvekere, "Kasokereni ku khoti, poti kumeneko ndiye kuli abale anu."

Ndinalira pang'ono kuseri kwa mtengo wa mapeyala. Kenako ndinaganiza kuti kukulemberani ndi kudikira yankho ndi sabata yathunthu, ndipo mkwatibwi sangakalowe m'tchalitchi mapewa ali pamtunda. Ndinavala nsapato.

Pa khonde la mabenchi lija pali kazenera ka kalaliki. Anandizindikira. "Mayi a makatani, mwabweretsanso chiyani?" Ndinamufotokozera. Anandifunsa ngati alandilodi anandipatsa notisi, ndinati ayi. Ngati pali chilolezo cha khoti chotsekera, ndinati ayi. Anati pangano la pakamwa ndi panganobe, ndipo mwini nyumba sangakhale wodandaula, woweruza ndi wapolisi yekha pa khonde lake. Anandipatsa fomu. Pamene palembedwa kuti wodandaula, ndinalemba dzina langa.

Samani inawafika alandilodi Lachisanu. Loweruka m'mawa loko panalibe, madzi akutuluka pampopi. Alandilodi anabwera pa zenera langa nati, "Loko ujatu ndinaikira akuba, mwana wanga, masiku ano aipa." Ndinati zikomo potisamala. Manja a diresi ndamaliza lero.

Apa ndiulule tchimo lenileni, osati la waya. Nditaona chitseko chotseguka, ndinasangalala moipa. Sichinali chimwemwe cha munthu wothokoza, chinali cha munthu wopambana. Ndinayatsa mashini n'kuwapondaponda mwaphokoso popanda nsalu, kuti amve. Ndalapa, koma ndikakumbukira ndikumamwetulirabe, ndiye sindikudziwa ngati kulapako kwagwira.

Tsopano funso. Mlandu wathu uli pa 20. Alandilodi akufuna ndiuchotse, akuti anthu oimba mawu amodzi satengerana ku khoti. Abusa akuti ndikhululuke. Amayi akuti ndikhululuke pa 21. Ine kukhululuka ndakhululuka kale, sindikufuna chipukuta misozi, ndipo sindikufuna kuwaona ataima kutsogolo kachiwiri ndi zaka zawozo. Koma ndikufuna pepala lonena kuti chipinda ndi changa malinga ndikulipira, ndi kuti akafuna ndichoke andiuze miyezi isanakwane, osati ndi loko. Kalaliki anati anthu akagwirizana angathe kulemba mgwirizano wawo, woweruza n'kuudinda, mlandu n'kuthera pomwepo popanda wogonja. Kodi zimenezi ndi zoona, ndipo pepala lotero limagwira ngati chigamulo? Ndilembemo mawu ati kuti lisakhale ndi mng'alu?

Kalaliki akufuna kumva maganizo anga Lachisanu lino. Musatumize pa positi, mupatsire dalaivala wa basi ya m'mawa, ndikaidikira pa siteji Lachinayi. Alandilodi abweretsa nsalu yawo ya maluwa kuti ndiwasokere diresi, akuti ndi chizindikiro cha mtendere. Kuyeza ndawayeza, koma sindidula mpaka nditamva kwa inu.

Mlongo wanu